Dzina Lake Anali Akambe

Atate satuma foni. Amene munakulila m'nyumba monga yathu mudziwa mmene zimakhalila: amai ndiwo amatuma, atate amangoponyako mau ali capatali, "Umuuze abwele na shuga." Conco pamene foni inalila pa Citatu kuseni, mu January 2024, n'kuona kuti ni nambala yao, m'mimba munatentha. Masiku amenewo kolela inali itavuta mu Lusaka, ndipo kwathu ni ku Chawama. Ninaganiza za amai. Ninaganiza za mng'ono wanga.

"Halo, atate?"

Anayamba akhala cete. Ninali kumva cabe wailesi ikulila kumbuyo kwao.

"Mnzako uja wapita," anatelo. "Ukakomboka ubwele." N'kudula.

Nivomele: coyamba, mtima unakhala pansi. Si munthu. Ni galu cabe. Ninabwelela pa kaunta, mu shopu ya mafoni ku Kamwala kumene nimasewenza. Ninagulitsa chaja, ninagulitsa kava. Kasitomala wacitatu ninamupatsa cenji yopitilila, iye mwini ndiye ananibwezela. Pamenepo ninapempha kuti nipiteko panja, ninazungulila kuseli kumene timataya makatoni, n'kulila kulila kumene sininalilepo kucokela pa malilo a ambuya.

Papita nthawi tsopano. Nkhaniyi nayesa kuikamba pakamwa kawili, ndipo kawili konse anzanga anaseka nisanafike pakati. Ndiye cifukwa cake nailemba.

Tinamupeza usiku umene Zambia yonse siinagone, pa 12 February 2012. Ninali na zaka 12, mu Giledi 7. TV yathu inali itagulitsidwa, conco fainolo tinaonelela kwa eni kantemba, anthu odzaza mpaka pawindo. Munaliko kapena munauzidwa: Libreville, mamineti 120 popanda cigoli, Drogba kuponya penoti m'mwamba, ndiyeno mapenoti aja osatha mpaka Stoppila Sunzu anamenya yomaliza, 8–7. Komboni yonse inathamangila mumsewu. Azimai anali kumenya mapoto na zivindikilo, anyamata kulendewela pa mabasi, azibambo akuluakulu kulila poyela pokumbukila timu ija inagwela m'nyanja kufupi na mzinda umodzimodziwo mu 1993.

Ine ninali kuthamanga wopanda nsapato, ninatelela m'matope n'kugwela m'mbali mwa ngalande. Nili pansi pomwepo ninamva kulila kwina kosiyana na mavuvuzela. Kagalu, kakang'ono monga nsapato ya atate, kanali katakodwa m'mapulasitiki na zinyalala, kakunjenjemela. Ninakaika mkati mwa malaya, pamimba. Anzanga anapitiliza mpaka ku Kafue Road. Kwa ine cikondwelelo ca dziko lonse cinathela pamenepo. Ninabwelela kunyumba nikuyenda pang'onopang'ono monga nanyamula mazila.

Kuseni kunali mlandu. Miyezi itatu m'mbuyomo kampani imene atate anali kusewenzako inali itacepetsa anchito, ndipo iwo anali mmodzi wa ocotsedwa. Tinali kudya kamodzi, tikacita mwai kawili. "Ife tikudya ciani kuti uyu adye ciani?" atate anafunsa. Amai anali kudandaula za utitili. Amene anathetsa nkhani ni ambuya, amai awo a atate, amene anabwela kucokela ku Katete kudzaonetsa maso ku cipatala koma osabwelelanso. Anakayang'ana kagaluko na diso lao limodzi labwino n'kunena kuti, "Mlendo wofika usiku sabwezedwa. Adzadya mkute." Atate sanali kutsutsa amai awo.

Panatsala dzina. Ine ninafuna Champion. Mng'ono wanga anafuna Danger. Mudziwa kuti mu komboni iliyonse ukaitana kuti "Tiger!" agalu asanu amatembenuka. Ambuya anatiseka. Anati kumudzi galu sapatsidwa dzina lopanda nchito. Dzina la galu ni uthenga. Mkazi amene sangayankhe apongozi ake pamaso, kapena amene wavutika na mkazi mnzake wa pamitala, amapatsa galu wake dzina monga Mudzatopa kapena Ndakuonani, ndipo madzulo alionse poitana galu kudzadya, uthenga umafika kwa mwini wake popanda wokuimba mlandu. Waitana galu wako, walakwa ciani?

Ndipo ambuya anali naye munthu wofuna kumutumizila uthenga. Kuseli kwa mpanda wathu kunali amai ena, aneba, amene anali kuuza anthu pa mpopi kuti atate anacotsedwa nchito cifukwa ca kuba. Linali bodza, koma bodza la pa mpopi limafika m'nyumba zonse pamodzi na zigubu. Amai anali kubwela kokatapa madzi maso ali ofiila. Conco madzulo a tsiku lacitatu ambuya anatenga kambale ka mkute, anakaimilila pafupi penipeni na mpanda uja, n'kukuwa na mau onse: "Akambeee! Akambe, bwela udye!"

Dzina linakhala lomwelo.

Alangizi anali ambili. Wina anati timudyetse mpilipili kuti akhale wolusa. Wina anati timutsekele m'kabokosi usana wonse, asamaone anthu. Wina anabwela na lezala kuti adule mcila. Pamene anagwidwa mphele, makanika wa pa kona anatipatsa oilo yakuda yocoka mu injini kuti timupake. Ambuya anakana zonse, ndipo lelo nidziwa kuti anacita bwino: kuzunza galu sikumupanga kukhala mlonda, kumangomupanga kukhala woluma aliyense, ndipo oilo ija ni poizoni, galu amainyambita. Akambe anakula monga agalu a kumudzi: wofiilila ngati dothi, ubweya waufupi, nthiti zoonekela pang'ono olo adye bwanji, mcila wopindikila m'mwamba, khutu limodzi loimilila, lina logona monga linatopa.

Sanali galu wa pa zithunzi zija za pa mageti a ku Kabulonga. Kukamba zoona anali wamantha. Nkhuku ya anapiye inali kumuthamangitsa mpaka kuseli kwa cimbudzi. Mabingu akagunda, kapena makombola a pa New Year akayamba, anali kudzipanikiza pakati pa dilamu ya madzi na cipupa, mutu mkati, matako panja, poganiza kuti wabisala. Analinso wakuba. Tsiku lina amai anakazinga nsomba zinayi za alendo a ku chalichi, n'kulowa m'nyumba kukatenga mcele. Alendo anadya nsima na lepu. Akambe anasowa mpaka mailo lake, anabwela akuyenda cammbali, maso pansi, monga munthu wobwela kudzapepesa alibe olo nkhuku m'manja.

Koma anali wanga. Kuseni anali kunipelekeza mpaka pa geti ya sukulu, nikumupitikitsa njila yonse cifukwa anzanga anali kuniseka. Nikamuponyela mwala anali kubwelela masitepe atatu n'kukhala pansi, nikatembenuka wanyamukanso. Ninali mwana wosakamba kwambili, wacibwibwi pang'ono, ndipo m'kalasi nikaimitsidwa kuti niwelenge lilime linali kumangika. Ndiye madzulo ninali kukhala kuseli kwa nyumba na buku, kuwelengela galu mokweza. Sanali kuseka, sanali kunimalizila mau. Nikakakamila pa liu anali kungopendeketsa mutu, khutu lija loimilila lili chelu, mpaka liu lituluke. Cizungu cimene nimagulitsila mafoni lelo ninaciyesela pa iye.

Atate anali na lamulo: galu si munthu, salowa m'nyumba. Lamulolo silinasweke mpaka tsiku lomaliza. Koma kumapeto kwa 2012 anapeza nchito ya ulonda, ya usiku, ndipo zinthu zina zinayamba kuoneka. Kukangoca Akambe anali kutuluka pa kabowo ka mpanda n'kukakhala pa kona ya kantemba, kuyang'ana kumene basi imatsitsila anthu. Atate anali kubwela na kapulasitiki m'thumba la jekete: mafupa, mitu ya kapenta, nyenyeswa za buledi. Akakhala pa mpando wao pansi pa mtengo wa kotapela kuvula majombo, ninali kuwamva akukamba motsitsa mau. Za bwana amene anawatukwana, za malipilo ocedwa, za msana. Zinthu zimene ise ana awo sanatiuzepo. Ukatulukila, anali kusintha mau: "Coka apa iwe, galu!"

Akamva kuti kwabwela katemela wa ciwewe, anali kumumanga cingwe n'kumupeleka okha, asanagone n'komwe. Anali ataonapo mwana akufa na ciwewe kumudzi, ndipo anali kutiuza kuti matendawa akangoonekela mwa munthu, ndiye kuti kwatha. Cofunika ni kulasitsa galu caka ciliconse, ndipo ukalumidwa, kutsuka bala na sopo na madzi ambili n'kuthamangila ku cipatala tsiku lomwelo. Tsiku lina nikufunafuna satifiketi yanga ya Giledi 7, ninapeza tumapepala twa katemela twa Akambe tuli mu pulasitiki imodzi na NRC ya atate na kalata ya cikwati cao.

Tsopano nifike pa cimene cimanivuta.

Mu July 2015 madzi anali atacepa ku Kariba ndipo malaiti anali kupita maola 8 pa tsiku. Ninali mu Giledi 10. Ine na mng'ono wanga tinali kugona m'kacipinda ka kuseli, kokhala na citseko cake ca panja. Kunali kuzizila kuja kwa Lusaka kolowa m'mafupa. Tinalowetsa mbaula, tinatseka windo, pansi pa citseko tinaikapo saka kuti mphepo isalowe. Tinaika kandolo pa malasha, ine nikuwelenga na tochi. Sinikumbuka nthawi imene ninagona.

Cimene nikumbuka ni kudzuka nili panja pa dothi lozizila, mutu ukuwawa monga wina akuukhoma na hamala, nikusanza, amai akukuwa dzina la mng'ono wanga mobweleza. Iye anatenga nthawi kuti atsegule maso. Ku kiliniki anamwino anatiuza kuti malasha akamayaka m'cipinda cotseka amatulutsa mpweya umene amati carbon monoxide. Ulibe fungo, suoneka, umangokugoneka tulo mpaka osadzukanso. Anati tikanakhalamo ola lina, nkhani ikanakhala ina.

Amai anadzuka cifukwa ca galu. Atate anali ku nchito. Pakati pa usiku Akambe anayamba kukanda citseko cathu na kulila. Amai anamukalipila ali pa bedi, osaleka. Anatuluka na mthiko kuti amumenye, anamupeza akukanda mpaka penti kucoka. Anagogoda, zii. Anaitana maina athu, zii. Ndiye anakankha na phewa mpaka kaloko kanathyoka.

Mpaka lelo pa nyumba sanagwilizane cimene cinacitika. Amai amati Mulungu anatuma galu. Atate amati galu anamva fungo la kandolo ikupselela, anali kufuna gawo lake. Ambuya anangoti, "Galu wamkota sakandila pacabe," olo kuti panthawiyo anali na zaka zitatu cabe. Ine nilibe nazo kanthu kuti anali kufuna kandolo kapena ise. Anakanda, ndipo nili pano nikulemba.

Ambuya anamwalila mu 2018. Malilo tinakhala pa nyumba masiku awili tisananyamule thupi kupita ku Katete: mipando yonse panja, azimai m'nyumba pa mphasa, azibambo pa moto usiku wonse. Akambe, amene anali kuuwa aliyense wofika pa geti, sanauwe munthu olo mmodzi. Anagona pakati pa azibambo, cibwano pansi. Titabwelako kumudzi tinamupeza pamalo pamene ambuya anali kuyala mphasa yao poothela dzuwa, ndipo kwa milungu ingapo anali kudya pokhapo wina akamuitana mmene ambuya anali kuitanila, mokoka. Amene anaphunzila kuitana motelo ni atate.

Mu 2022 ninapeza nchito n'kukacita lendi kacipinda ku Kabwata. Si kutali. Poyamba ninali kupita kunyumba Sondo iliyonse. Kenako kawili pamwezi. Kenako pakakhala nkhani. Mudziwa mmene tauni imadyela munthu: nchito mpaka Ciwelu, Sondo kucapa, mpila pa TV, mtsikana, tulo. Nthawi iliyonse nikafika, Akambe anali kunimva nikali pa kona. Koma kuthamanga kunasanduka kuyenda, kuyenda kunasanduka kuimilila cabe pa geti n'kugwedeza mcila. Kukamwa kunacita imvi. Maso anayamba kuyela monga a ambuya. Podzuka anali kuyamba na miyendo ya kutsogolo, ya kumbuyo n'kutsatila mocedwa. Ninali kumusisita pamutu na dzanja limodzi, lina lili pa foni.

Pakati pa December 2023 amai anatuma. "Galu wako sakudya bwino. Nkhupakupa zamudzaza m'makutu." Ninati nibwela pa Ciwelu nimupeleke kwa dokotala wa ziweto. Ninali kudziwa na kopita: ku UNZA, pa Great East Road, kuli sukulu ya madokotala a ziweto yokhala na kiliniki yake. Ninafunsa na mtengo wa takisi, cifukwa galu sangakwele minibasi. Ciwelu cija makasitomala anali ambili, nyengo ya Khisimasi. Ciwelu cotsatila ndalama ninali nitagulila nsapato. Pa New Year ninali ku pati, makombola akuphulika kumwamba, ndipo ninakumbuka dilamu ya madzi ija, n'kuseka, n'kuuzako anzanga nkhani yake. Sininapite.

Kenako kolela inakula. National Heroes Stadium inasanduka cipatala, masukulu amene anayenela kutsegulidwa pa 8 January anakhala otseka mpaka 12 February, ndipo m'makomboni monga mwathu anthu anali kunyamulidwa usana na usiku. Ninapeza cifukwa cooneka bwino: ino si nthawi yoganiza za galu. Amai anatumanso: "Mkodzo wake wada ngati tiyi, nkhama zayela." Ninati pa Ciwelu. Anafa pa Citatu.

Pambuyo pake ninafotokozela mnzanga wina amene anaphunzila za ziweto. Sanafune kunipweteka, koma ninamukakamiza. Anati zizindikilo zimenezo, nkhupakupa zambili, kusadya, nkhama zoyela, mkodzo wakuda, nthawi zambili zimaloza ku matenda a m'magazi amene nkhupakupa zimabweletsa, makamaka m'nyengo ya mvula, ndipo akapezeka msanga amacilitsika na jekeseni na mapilisi. Anati pa zaka 12 galu ni nkhalamba, mwina sakanakhala nthawi yaitali. Mwina. Koma iye pa citseko canga sanadikile Ciwelu.

Ninafika ku Chawama dzuwa likulowa. Mudziwa cimene timacita na galu wakufa mu komboni: waya ku mwendo, kumukokela ku ngalande kapena pa mulu wa zinyalala, basi, nchenche zimalize. Ninali kuganiza kuti nipeza zatha kale. M'malomwake ninapeza atate ali pansi pa kotapela na piki, atavula malaya. Amene mumakhala ku Chawama, Kanyama kapena Misisi mudziwa nthaka yathu: ukakumba pang'ono wakumana na mwala, ndipo mvula ikagwa madzi amaima, zimbudzi n'kusefukila. Munthu wa zaka 60, wa msana wovuta, anali atalimbana na mwalawo kucokela masana.

Sanakambe kanthu. Ananipatsa piki, iwo anatenga fosholo. Tinakumba mpaka dzenje kufika m'mabondo. Akambe anali atamukulunga mu jekete yao yakale ya ulonda, ija ya thumba la mafupa. Ninamunyamula ine. Anali wopepuka kuposa mmene ninali kuganizila. Ninafuna kukamba kuti pepani, ninalakwa, nikanabwela. Atate ananiyang'ana n'kunena kuti, "Masiku onsewa anali kugona moyang'ana ku geti." Sanawonjezele. Kaya anali kunitonthoza kaya kunipatsa mlandu, zonse ziwili ninazilandila.

Tikufotsela, ninamva munthu akutsokomola kuseli kwa mpanda. Anali aneba aja. Ninacita manyazi oopsa. Mlungu umodzi m'mbuyomo anali atataya mdzukulu wao wa zaka zisanu na kolela. Thupi silinabwele pa nyumba. A zaumoyo ndiwo anaika, abale ocepa cabe akuonelela capatali. Panalibe moto wa malilo, panalibe kwaya, panalibe azimai ogona pa mphasa. Anthu anali kuyopa olo kulowa pa geti yao. Ndipo ise tili apa, amuna awili akuluakulu, maso ofiila cifukwa ca galu.

Ninayembekezela mau. Anaika manja pa mpanda n'kunena kuti, "Pepani, ba neba. Pepani maningi."

Atate anawelamitsa mutu.

"Uyu galu," anapitiliza, "masiku yonse aya anali kubwela kugona pa khomo panga. Kuyenda kwake kovuta, koma anali kupita pa kabowo paja. Bantu sibanabwele. Yeve anabwela." Anakhala cete, kenako anaseka pang'ono, misozi ili m'maso. "Na zina lija, muganiza sininali kuziba? Ninaziba siku yoyamba. Ba mbuya banali bokalipa." Anapukuta kumaso na citenge. "Nakhala nimupasa vakudya zaka teni. Ine nenze kumuitana che kuti Neba."

Atate anaseka, kuseka kwenikweni, koyamba tsiku limenelo. Kenako analowa m'nyumba, anasamba, anavala jekete ya ku chalichi, anauza amai kuti atenge unga na shuga, ndipo tonse tinazungulila ku geti ya aneba kukakhala nawo pansi, cinthu cimene tinayenela kucita mlungu wathawo. Tinasamba m'manja na madzi othila mankhwala pakhomo, tinakhala mpaka usiku. Panali patapita zaka 12 amai asanapondepo pa khomo limenelo.

Nimaganizabe za manyazi aja. Tinakula tikudziwa kuti munthu amalilidwa, mbuzi ikafa amadandaula ndalama, koma galu amangomutaya. Ndipo n'zoona, galu si munthu. Mdzukulu wa aneba na Akambe sangaikidwe pa sikelo imodzi, ndipo amene angayese kutelo, woyamba kumutsutsa nidzakhala ine. Koma munthu amene anali na ufulu wonse wotiseka tsiku lija ndiye anati pepani. Kucokela pamenepo ninaleka kubisa kuti ninalila.

Ngati muli naye galu kunyumba kwa makolo, amene munamusiya pamene munasamuka, sinikuuzani kuti mumugulile bedi kapena zakudya za mu supamaketi. Mupindeni makutu muone nkhupakupa. Kwezani mlomo wake muone nkhama: zifunika kukhala zofiilila, zikayela musadikile. Funsani kuti katemela wa ciwewe analasidwa liti. Ndipo June akafika, mbaula isagone m'cipinda, cifukwa si nyumba zonse zili na wokanda citseko.

Masiku ano nimapita ku Chawama Sondo iliyonse. Palibe amene amanimva nikali pa kona. Nimagogoda, atate ndiwo amabwela kudzatsegula, akuyenda pang'onopang'ono, ndipo tsopano nimawayang'ana bwino mmene akuyendela, foni ili m'thumba. Tikakhala pansi pa kotapela nthawi zina amayamba kukamba motsitsa mau, za msana, za ndalama, za kumudzi. Nimakhala cete n'kumvetsela.

Mwezi watha amai anagula penti kuti akonze nyumba. Mng'ono wanga anapenta zipupa, mawindo na geti. Atafika pa citseko ca kacipinda ka kuseli, pamene pali mizele ija yozama ya zikhadabo, atate anamugwila dzanja. "Apa usiye."

"Anthu adzati ndalama ya penti inatithela," amai anatelo.

Atate anayang'ana ku mpanda, n'kuyang'ana ine.

"Akambe," anatelo.